Kabatire m'Thumba la Jekete

Chibadwire, Maureen Chikaonda anali asanatukwanidwepo ndi munthu wamkulu pagulu. Zinayamba Lachitatu limenelo pa mjigo wa chipatala cha Mwakalomba, pamaso pa amayi oyembekezera oposa khumi, ndipo wotukwanayo anali NyaKaira, mayi ake a Brave, mwamuna amene Maureen ankafuna kumanga naye banja.

"Ndimwe munafuna kupha mzukulu wane!" anakuwa mayiwo akumuloza chala. Akapsa mtima Chichewa chawo chinkaterereka n'kugwera m'Chitumbuka. "Mwana wabadwa, imwe maso pa wotchi, mchombo osadula. Mumadikira vichi? Kuti magazi onse athe mukagulitse kwa azungu anuwo?"

"Amama, ndiloleni ndifotokoze."

"Ine si amama anu, yayi! Amama anu ali ku Thyolo."

Amayi aja anaseka, ena anaphimba pakamwa ndi chitenje. Chidebe cha Maureen chinasefukira.

Nkhani yake inali yosavuta kwa aliyense wofuna kumva. Chipatala chaching'onochi, chomwe chili pakati pa Chisenga ndi Wenya, chinali ndi azamba awiri, ndipo onse anali mu kafukufuku wofuna kudziwa nthawi yabwino yodulira mchombo wa khanda. Mayi akavomera kutenga nawo mbali, mzamba ankatsegula envelopu yomata. Ina inkati dikirani mphindi imodzi, ina mphindi zitatu. Ankatchera kawotchi kachikasu, khanda lili pamimba pa mayi wake, ndipo kakalira m'pamene ankapana mchombo n'kudula. Pa nthawi yodikirayo magazi otsala mu nsengwa amalowa mwa mwana. Lolemba, Sungani, mlongo wake wa Brave, anachira m'manja mwa Maureen, envelopu n'kunena mphindi zitatu. Maureen anadikira monga anaphunzitsidwira, ndipo mwana anali bwinobwino.

Nanga za kugulitsa magazi zinachokera kuti? Maureen sanavutike kufufuza. Pakhonde la chipinda chochilira panaima mzamba mnzake, Esther Mtambo, akupinda nsalu yomwe inali yopindapinda kale. Esther anali mwana wa konkuno, woimba kwaya limodzi ndi NyaKaira, ndipo dera lonse linkadziwa kuti anayamba kumuyang'ana Brave asanamere n'komwe ndevu. Maso awo atakumana, Esther anamwetulira pang'ono n'kulowa m'nyumba.

Maureen anasenza chidebe osalira. Misozi anaisunga, koma mumtima analumbira kuti Esther ameneyu adzamudziwa.

* * *

Madzulo dzuwa lisanalowe Brave anabwera pa njinga kuchokera ku sukulu komwe ankaphunzitsa. Anayenda limodzi pa njira ya kumunda wa chimanga chouma kuseri kwa nyumba za chipatala. Unali mwezi wa Juni, mphepo ya ku mapiri a Mafinga ikulowa mpaka m'mafupa, ndipo Brave anavula jekete lake lakuda n'kumuveka Maureen.

"Ndamva zonse," anatero. "Pepa, Maureen."

"Wamva. Nanga wachitapo chiyani?"

"Ndayankhula nawo amama. Akuti Lameck ayambe waima, asapite ku Thyolo mpaka nkhaniyi iwoneke mutu wake."

Lameck anali mnzake wa Brave kuyambira ali ana, ndipo ndiye anasankhidwa kukhala thenga, wokapereka mawu a ukwati kwa makolo a Maureen. Chaka chathunthu NyaKaira ankakana, ati akazi a kummwera amakoka amuna kupita nawo kwawo. Atangofewa mwezi wathawu, lero Esther wagumula zonse ndi lilime.

"Ukudziwa amene anawauza bodzali?"

Brave anakanda m'mutu. "Esther akuti anangowafotokozera za kafukufuku. Mwina amama ndiwo sanamve bwino."

"Mwina?" Maureen anaima. "Ndatchedwa wogulitsa magazi pa mjigo, Brave. Ukudziwa zomwe anthu amachita ndi munthu akapatsidwa dzina limenelo? Ndiye iwe ukuti mwina?"

"Esther ndakula naye, si munthu woipa chotero. Ungoupeza mtima, zitha zokha."

Amuna ena Mulungu anawapatsa mtima wabwino n'kuwamana maso, ndipo Brave anali mmodzi wa iwo. Maureen anabwerera kunyumba atavala jekete lija, osatsanzika. Foni italira ndi uthenga woti "Usakwiye wokondedwa, ndili mbali yako," anauwerenga n'kuigadabuza foniyo pa tebulo.

* * *

Azamba awiriwa ankasinthana masabata awiriawiri. Lolemba lotsatira Esther analowa m'chipinda chochilira, Maureen n'kupita ku sikelo ya amayi oyembekezera. Zipinda ziwirizi zinalekanitsidwa ndi khoma la matabwa losafika kudenga, moti munthu akatsokomola uku, uko ankamva.

Tsiku loyamba lomwelo Maureen anazindikira chinthu chomwe makutu ake anali akumva kwa miyezi koma mutu osachigwira. Khanda linalira kuseri kwa khoma, ndipo nthawi yomweyo lumo linati khwe. Kawotchi sikanalire. Masana anasuzumira mu fomu ya kafukufuku, n'kupeza Esther atalemba ndi dzanja lake lokongola lija kuti anadikira mphindi zitatu.

Mtima wake unadumpha ndi chimwemwe choipa. Esther ankadula msangamsanga monga ankachitira kale, kenako n'kulemba bodza. Mzamba wanzeru akanalowa n'kumudzudzula mnzake pomwepo, kapena kuimbira foni akuluakulu a kafukufuku tsiku lomwelo. Maureen anali wanzeru, koma sankafuna kukonza zinthu. Ankafuna kuti Esther agwe pagulu, anthu akuona, monga iye ananyazitsidwira pa mjigo.

Esther atapita kukadya, Maureen analowa m'chipinda chija, anatsegula kawotchi kumbuyo n'kuchotsa kabatire. Anakakulunga m'pepala n'kukaponya m'thumba la m'kati la jekete la Brave. Ngati Esther amagwiritsadi ntchito wotchi, mawa lomwe adandaula kuti yafa. Ngati sadandaula, ndiye wadzimangirira yekha.

Esther sanadandaule mawa lake, ngakhale mkuja. Khanda lililonse likalira kuseri kwa khoma, Maureen ankawerenga chamumtima mpaka lumo litamveka, kenako n'kulemba pa pepala lija dzina la mayi, tsiku ndi masekondi. Khumi ndi asanu. Makumi awiri. Khumi ndi awiri. Pepalalo linkabwerera m'thumba limodzi ndi kabatire, ndipo sabata yoyamba isanathe panali mayina anayi.

* * *

Wachisanu anali Eva, mkazi wa Lameck.

Anafika Lachiwiri m'mawa pa njinga yamoto, mimba ili ndi miyezi isanu ndi itatu yokha. Eva ndiye anamulandira Maureen atangofika kumene ku Chitipa. Ndiye anamuphunzitsa kunena "mwawuka uli" ndi kugwada bwino popereka madzi kwa akuluakulu. Maureen ankamupima yekha ku sikelo ndipo ankadziwa kuti magazi ake ndi ochepa. Ndi iye yemwe anamulimbikitsa kulowa mu kafukufuku.

"Mlamu," anatero Eva pakhomo, atamugwira mkono mwamphamvu, "ndimwe mundichiritse, chonde."

"Sabata ino ndi ya Esther, Eva. Usaope, ine ndili kuseri kwa khomaku."

Analidi kuseri kwa khoma. Anamva envelopu ikung'ambika, n'kumva Esther akuwerenga mokweza kuti, "Mphindi zitatu." Anamva Eva akubuula, akuitana amake. Dzuwa lili paliwombo kunamveka kalira kofooka ngati ka mwana wa mphaka.

Miyendo ya Maureen inafuna kuthamanga. Chitseko chinali pafupi, mapazi asanu okha. Akanangolowa n'kunena kuti "Esther, dikira," basi. Mwana wobadwa masiku asanakwane, wa mayi wa magazi ochepa, ndi amene ankafunika mphindi zimenezo kuposa onse, ndipo iye ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Koma akalowa, msampha uwonongeka. Mayi Chisangalalo, oyang'anira kafukufuku, anali kubwera Lachisanu kuchokera ku Mzuzu. Kunatsala masiku atatu okha.

M'makutu mwake munamvekanso kuseka kwa pa mjigo. Anakukuta mano n'kuyamba kuwerenga. Atafika pa makumi awiri, lumo linati khwe.

Analemba dzina la Eva. Atatha anapita kuseri kwa nyumba n'kusanza. Anapukuta pakamwa, n'kudziuza kuti ana ambirimbiri anadulidwa msanga kalekale ndipo anakula. Zinali zoona, koma sizinamutonthoze.

* * *

Lachisanu linali tsiku lobweretsa makanda a mu kafukufuku kuti awonedwe, choncho khonde linadzaza. NyaKaira analipo, atabereka mwana wa Sungani, nkhope ataitembenuzira kumbali. Mayi Chisangalalo anakhala pa tebulo ndi mafomu, magalasi ali pamphuno.

"Mafomu ako ndi aukhondo, Esther," anatero. "Wotchi ikugwira bwino?"

"Bwinobwino, madamu. Dzulo lomweli ndagwiritsa."

Maureen anayankhula ndi mawu ofatsa ngati a mwana wa kwaya. "Esther, tawawonetsa madamu mmene umatcherera mphindi zitatu. Ine pena ndimasokoneza mabatani."

Esther anamuyang'ana monyoza, n'kutenga kawotchi. Anadina. Palibe chinaoneka. Anadinanso, anakagwedeza, anakamenya pa chikhatho.

"Kafa lero kameneka, madamu."

Mayi Chisangalalo anatambasula dzanja, n'kutsegula kumbuyo. Munalibe batire. M'malo mwake munatuluka nyerere zitanyamula timazira tawo, zikubalalika pa mafomu aukhondo aja.

"Nyerere sizimanga mudzi tsiku limodzi," anatero mayiwo. Anatembenukira kwa amayi a pakhonde. "Amene munachira masabata awiri apitawa, imikani manja. Alipo anamva wotchi ikulira asanadule mchombo?"

Amayi anayang'anana. Mmodzi anati, "Ine anangodula mwana atangotuluka." Wina anavomereza. Sungani, yemwe sanafunsidwe n'komwe, anakweza mawu: "Ine kwa a Maureen inalira. Mwana anali pamimba panga mpaka inalira."

Pamenepo Mayi Chisangalalo anavula magalasi n'kufotokozera khonde lonse, pang'onopang'ono, m'Chitumbuka kenako m'Chichewa, kuti podikira magazi sachoka mwa mwana koma amalowa mwa mwana, ndipo palibe dontho limene limapita kwa mzungu. Analoza khanda la kumsana kwa NyaKaira. "Taonani mdzukulu wanuyo kufiira kwake, mama. Amene anadikira uja anam'patsa mphatso."

NyaKaira anatembenukira kwa Esther. "Iwe mwana wa Mtambo, si iwe unandiuza kuti akumukama magazi?"

Esther analira. Analira kwenikweni, mamina ndi misozi, pamaso pa amayi omwe aja anaseka pa mjigo. Anachotsedwa mu kafukufuku pomwepo, ndipo anauzidwa kuti kalata ipita ku boma. Maureen anamuyang'ana akutsika masitepe atafunda nsalu kumutu, ndipo kunena zoona, zinamukomera. Zinamukomera mpaka ku zala za kumiyendo.

Kukomako sikunakhalitse. Mayi Chisangalalo akulongedza mafomu anayankhula osayang'ana munthu.

"Koma batire silituluka lokha. Alipo analichotsa. Ameneyo ankadziwa zomwe zikuchitika, n'kukhala chete masabata awiri makanda akudulidwa msanga. Kwa ine ameneyo ndi woipa kuposa Esther. Ndibweranso Lachisanu likubwerali, ndipo ndidzafuna dzina lake."

Maureen anathandiza kunyamula mafomu mpaka ku galimoto, akumwetulira.

* * *

Loweruka mwana wa Eva anasiya kuyamwa bwino, ndipo anatumizidwa ku chipatala cha ku boma. Palibe ananena kuti chifukwa chake ndi mchombo, ndipo mwina sichinali chimenecho. Ana obadwa msanga amavuta m'njira zambiri. Maureen anadziuza zimenezi kambirimbiri tsiku limenelo.

Mauthenga a Brave ankabwera motsatizana. "Amama akhala chete tsiku lonse, sanapite ndi ku kwaya komwe." Kenako: "Akufunsa ngati umadya nkhuku ya chikuda." Lachiwiri analemba kuti, "Ndinadutsa kwanu uli ku ntchito, chitseko chinali chosakhoma. Amama akuti ubwere Lachinayi masana." Maureen anawerenga uthengawo akupima mayi wina, anasekerera, ndipo za chitsekozo sanaziganizire.

Lachinayi anavala chitenje chatsopano n'kuyenda wapansi mpaka kwa a Kaonga, kwawo kwa Brave. Anaodira ali kutali, n'kugwada pa mphasa monga Eva anamuphunzitsira.

"Mwatandala uli, amama?"

"Tatandala makora, mwana wane." NyaKaira anamugwira manja onse awiri. Mayi wouma mtima uja maso anali atanyowa. "Ine ndinakulakwira. Ndinakutukwana pa wanthu, ndiye ndipepesanso pa wanthu. Sungani, itana onse!"

Anabwera azakhali, anabwera oyandikana nawo, ndipo NyaKaira ananena mokweza kuti uyu ndi mkamwana wawo, aliyense womunena adzayankha kwa iwo. Anamuika m'manja nkhuku yoyera yomanga miyendo. Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Ichi ndi chimene Maureen anachilakalaka chaka chathunthu, ndipo anachipeza ndi manja ake.

Lameck analiponso, atangofika kuchokera ku boma, maso ofiira ndi tulo. Anati mwana wayamba kuyamwa pang'ono, koma madokotala akuti magazi ndi ochepa, ayambe aona. Anthu atamufunsa za ulendo wa ku Thyolo, anangoti, "Tikambirana," n'kuyang'ana pansi.

Brave anatuluka m'nyumba mochedwa. Sanaseke, sanakhale pafupi ndi Maureen. Anali atavala jekete lakuda.

Jekete lija Maureen analisiya pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo chichokereni Lachisanu anali asanaliyang'anenso. Anafinya nkhuku ija mpaka inalira.

* * *

Dzuwa litapendeka Brave anati amuperekeza Maureen. Anayenda mpaka anapitirira nkhokwe, n'kufika pomwe njira imalowa m'munda. Pamenepo Brave anaima, anapisa dzanja m'thumba la m'kati, n'kutulutsa pepala. Analifunyulula bwinobwino. Kabatire kanagubuduka n'kukhala pa chikhatho chake.

"Ndi dzanja lako ili?"

"Brave, ndimvere kaye."

"Ndafunsa ngati ndi dzanja lako."

"Ndi langa."

Brave anawerenga mayina onse asanu mokweza, limodzilimodzi, monga amaitanira ana m'kalasi. Pa lomaliza anamuyang'ana. "Eva. Makumi awiri. Unali kuti polemba zimenezi?"

"Kuseri kwa khoma."

"Unkamva?"

"Ndinkamva."

"Ndiye unangoima n'kumawerenga."

"Anandinyazitsa, Brave!" Misozi ya pa mjigo ija inatuluka tsopano, yonse nthawi imodzi. "Ananditcha wogulitsa magazi, iwe n'kumati mwina, mwina, upeze mtima. Ndani akanandikhulupirira popanda umboni? Iweyo ukanandikhulupirira? Wadula ndi Esther, si ine!"

"Za Esther ndinalakwitsa pomuikira kumbuyo, ndavomera. Iwenso ndinakulakwira." Brave ankayankhula motsitsa, ndipo zimenezo zinkapweteka kuposa kukalipa. "Koma Esther ndi waulesi ndi wabodza. Iwe umadziwa ntchito. Unamuuza wekha Eva kuti mphindi zimenezo zithandiza mwana wake. Anakugwira mkono pakhomo, Lameck anandiuza."

Nkhuku inkapumira pachifuwa pa Maureen, ndipo kumbuyo kwawo azimayi anali atayamba nyimbo ya ukwati.

"Mawa ndi Lachisanu," anatero Brave. "Mayi aja akubwera kudzafuna dzina. Ukanena wekha, ndidzaima pambali pako, ngakhale amama abweze mawu awo, ngakhale ntchito ithe. Ukakhala chete, ine sindikuulula. Koma ku Thyolo sikupita munthu."

"Ukundiuza kuti ndisankhe pakati pa iwe ndi ntchito yanga? Ndikanena, amama adzandilavula. Lameck sadzandiyang'ananso. Ng'amba pepalalo, Brave, palibe wina akudziwa. Ndife awiri basi."

Brave anapinda pepala lija pang'onopang'ono.

"Jeketeli sindinatengere ine," anatero. "Ndinatengera Lameck, kuti asazizidwe pa njinga yamoto popita ku boma. Wakhala nalo masiku awiri, wandibwezera lero m'mawa. Pepalali ndalipeza m'thumba la kumanja. Iwe unaliika la kuti?"

Maureen anali ataliika la kumanzere. Ankaliika la kumanzere nthawi zonse, pamtima.

Kumbuyo kwawo kunamveka mapazi pa mapesi ouma. Lameck ankabwera yekha, osathamanga, chipewa chili m'manja.

"Mlamu," anaitana, "taimani pang'ono. Eva wandituma ndikufunseni chinthu chimodzi."